Kodi Galimoto Imakalamba Liti?

Safunsa anadya phula, ndiye ine ndimafunsa. Amalume amati ndimanyanya, moti tsiku lina anandiuza kuti ndikanakhala wailesi akanandichotsa mabatire kalekale. Koma mundiweruze nokha. Ndine mwana wa ku Ntcheu, ndipo galimoto zomwe ndakula ndikuziona ndi maminibasi, malole a kachewere ndi tima Sienta todzaza anthu mpaka m'buti. Ndafika ku Joni miyezi inayi yapitayi kudzathandiza pa galaja ya amalume. Ntchito yanga ndi kupatsira masipanala, kutsuka zitsulo m'palafini ndi kusesa. Ndiye sabata imodzi pagalajapo panabwera galimoto ziwiri za kampani imodzi, zonse zili ndi chizindikiro chija cha V wokhala pamutu pa W, koma zosiyana ngati kamba ndi bokosi la machesi. Ndikanakhala chete bwanji?

Yoyamba inabwera itanyamulidwa pa ngolo ngati wodwala. Inali Beetle ya 1956, yobiriwira mofuwa, msana wokhota, maso otuzuka ngati a chule, kumbuyo kuli kawindo kakang'ono kooneka ngati dzira. Mwini wake, mzungu wa imvi mbuu, anangotsika n'kuyamba kuuza amalume kuti tisatsamire chitseko, tisaike sipanala padenga, tisaitsuke ndi sopo. Yachiwiri inabwera ikudziyendera, nyimbo zikugunda mpaka malata a galaja kunjenjemera. Inali Citi Golf yakuda ya 2009, ya mnyamata wa ku Soweto wa msinkhu wanga. Nayenso anatsika ndi malamulo ake, ndipo asanachoke anaijambula pafoni mbali zonse zinayi, kuopa kuti tingaikande n'kukana.

Amalume anati yobiriwirayo eni ake amaitcha vintage, yakudayo amati modern classic. Ndinafunsa kuti pa Chichewa ndiye kuti chiyani. Anati yoyambayo ndi nkhalamba yolemekezeka, yachiwiriyo ndi munthu woti imvi zangoyamba kumene koma anthu ayamba kale kumupatsa mpando. Ndinati kwathu zonsezi dzina lake ndi limodzi, chiphakasa. Anangondiyang'ana n'kundituma jeke.

M'mawa mwake anandiuza kuti nditsegule injini ya Beetle ija. Ndinapita kutsogolo, monga munthu aliyense wa nzeru zake akanachitira, n'kukweza boneti. M'katimo ndinapezamo tayala la sipeya, thanki ya petulo ndi kamalo kokwana chikwama chimodzi. Mtima unangoti myuu.

"Amalume, injini aba!"

Anaseka mpaka kukhala pansi. "Pita kumbuyo, mphwanga."

Kumbuyo, komwe ine ndimadziwa kuti ndi malo a mbuzi ndi matumba a chimanga, n'komwe kunali injini. Yaing'ono, masilinda ake anayi atagona cham'mbali, awiri uku awiri uko, ngati anthu ogona pamphasa imodzi atagundanitsa mapazi. Ndinayang'ana pothira madzi, osapaona.

"Madzi amathira pati?"

"Simamwa madzi imeneyi."

"Ndiye ikatentha imazizira bwanji?"

"Ndi mphepo, ngati iwe ukamauzira phala."

Anandionetsa chibokosi chachitsulo chokhala chiimire pamwamba pa injini. Mkati mwake muli fani, ndipo faniyo imazungulitsidwa ndi lamba yemwe amazungulitsanso dayinamo. Mphepo imakankhidwira pa masilinda, omwe ali ndi tizipsepse tambirimbiri ngati ta nsomba kuti kutentha kuzituluka msanga. Mulibe redieta yoti ibooke, mulibe paipi yoti iphulike, mulibe madzi oti aundane m'nyengo yachisanu ku Germany kapena kuwira pa chikweza. Koma lamba ameneyo akangoduka, uime pomwepo, chifukwa ukapitiriza ulendo injini ipsa usanafike patali. N'chifukwa chake mkulu uja amasunga lamba wina pafupi ndi tayala la sipeya, atamukulunga m'nyuzipepala ngati ndiwo.

Ndinapita pa Golf. Zonse zinali zotembenuka. Injini ili kutsogolo, yoikidwa chopingasa pakati pa matayala, redieta ilipo, madzi alipo, ndipo matayala okoka ndi akutsogolo. Kumbuyo kuli chitseko chachikulu chotsegukira m'mwamba, moti ukapinda mpando wakumbuyo matumba a ufa amalowa bwinobwino. Beetle imakankhidwa ngati wilibala, Golf imakokedwa ngati ngolo ya ng'ombe.

Apa m'pomwe mutu unayamba kuzungulira. Ngati mphepo imakwanira, anathiriranji madzi? Ngati madzi ndiwo oyenera, anagulitsa bwanji galimoto zopitirira 21 miliyoni zosamwa madzi? Kampani imodzi singakhale yolondola kawiri pa zinthu zotsutsana, kapena ingatero? Amalume anati ndiwapatse sipanala ya 13.

Masana, amalume atapita kukagula oilo, ndinalowa mu Beetle muja n'kukhala phee. Munkanunkha ngati m'sutikesi ya agogo. Kutsogolo kwanga kunali koloko imodzi yokha, yoonetsa liwiro, basi. Pomwe pamayenera kukhala chopondera mafuta panali kagudumu kakang'ono kozungulira, koti uzikapondereza ndi nsapato. Ma indiketa ake si nyali za kutsogolo ndi kumbuyo ayi, ndi timikono totuluka m'mbali mwa zitseko, timati tumphu n'kuyaka, ngati munthu akuimitsa basi. Batire ili pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo ndi ya mavoti 6, theka la yomwe ili mu Golf, moti usiku nyali zake zimawala ngati koloboyi. Chitseko ukachikoka chimavuta kutsekeka mpaka utatsitsa windo pang'ono, chifukwa mpweya umasowa potulukira. Koma chomwe chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti munalibe kansingano koonetsa petulo.

Amalume atabwera ndinafunsa kuti munthu amadziwa bwanji kuti mafuta atsala pang'ono.

"Galimoto ikayamba kutsamwa."

"Ikatsamwa ndiye watha?"

Anandionetsa kachitsulo pansi, pafupi ndi phazi la dalaivala. Injini ikayamba kutsokomola, umakakankha ndi phazi kuti katembenuke, ndipo malita pafupifupi asanu otsalira pansi pa thanki amayamba kutsika. Ndiye umathamangira kokamwetsa. Ukamwetsa usaiwale kukabweza, chifukwa ukaiwala, tsiku lina idzatsokomola ndipo udzapeza kuti nkhokwe unadya kale. Ndinati zimenezi n'chimodzimodzi mayi anga, omwe amabisa kathumba ka ufa kuseri kwa mtsuko mwezi wa February. Anati eya, koma a ku Germany anadikira mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 kuti aikemo kansinganoko. Ndiye ndifunse, anthu ophunzira chonchija, opanga ndege ndi sitima, zinawatengera zaka zonsezo kuti aganize zoti dalaivala angafune kudziwa mafuta asanathe?

Mkulu wa imvi uja ankabwera tsiku lililonse kudzazonda wodwala wake, ndipo ataona kuti ndimakonda kufunsa anayamba kumandifotokozera, amalume n'kumandithandiza pomwe Chingelezi chandithawa. Anati mu February 1972 Beetle inaposa Model T ya Ford, yomwe inapangidwa yokwana 15,007,033, n'kukhala galimoto yopangidwa yambiri kuposa ina iliyonse. Patangotha zaka ziwiri, mu 1974, fakitale yaikulu ya ku Wolfsburg inasiya kupanga Beetle n'kuyamba Golf. Ndinati pepani bwana, munthu amapha bwanji ng'ombe yomwe yangopambana kumene pa chionetsero?

Anati ng'ombeyo inali itakalamba. Injini yozizira ndi mphepo ndi yaphokoso, ndipo kuichepetsa utsi kuti igwirizane ndi malamulo atsopano a ku America kunali kovuta. Kulemera konse kuli kumbuyo, ndiye pokhota mothamanga matako amafuna kupitirira mutu. Chotenthetsera m'kati chimatenga kutentha ku mapaipi a utsi, moti chikabooka umapuma zomwe injini yataya. Malo a katundu ndi ochepa. Ogula anayamba kupita ku Fiat, ku Renault ndi ku galimoto za ku Japan. Volkswagen inayesa kupanga zina zokulirapo pa nzeru yomweyo ya injini kumbuyo, koma sizinaipulumutse. Chomwe chinaipulumutsa n'chakuti inali itagula makampani ena awiri, Auto Union, komwe kunachokera Audi, ndi NSU, ndipo kumeneko n'komwe kunali akatswiri a injini za madzi zokoka ndi matayala akutsogolo. Passat inatuluka mu 1973, Golf mu 1974. Ngakhale maonekedwe a Golf sanajambulidwe ndi Mjeremani, anajambula ndi munthu wa ku Italy, Giorgetto Giugiaro.

Ndinati ndiye kuti Golf ndi mwana wopeza. Magazi ndi a Audi, nkhope ndi ya ku Italy, kwa Beetle anangotengako dzina la bambo. Mkuluyo anaganiza kaye, kenako anati palibe chitsulo cha injini ya iyi chomwe chingalowe pa injini ya iyo. Nanga pamene anthu akuti akuyerekeza galimoto ziwiri za banja limodzi, ubale wake uli pati? Pa chizindikiro chokha?

Koma funso lomwe linandisowetsa tulo ndi la zaka. Tamverani bwino, mwina inu mundithandiza.

Ku Germany Beetle wamba anasiya kuipanga mu January 1978, ku fakitale ya ku Emden. Kuno ku South Africa, fakitale ya ku Uitenhage, tauni yomwe pano ikutchedwa Kariega, inayamba kulumikiza ma Beetle mu August 1951 n'kusiya mu January 1979, ndipo yobiriwira yathuyi inatuluka kumeneko. Ku Brazil anasiya mu 1986, kenako n'kuyambiranso mu 1993 mpaka 1996. Ku Mexico, mumzinda wa Puebla, anapitiriza mpaka pa 30 July 2003, pomwe inatuluka yomaliza, ya nambala 21,529,464. Imeneyo inali ndi msana womwewo, injini kumbuyo komweko, yozizira ndi mphepo yomweyo, nzeru za m'ma 1930.

Golf nayo ili ndi nkhani yofanana. Ku Germany mtundu woyamba uja unalowedwa m'malo ndi wachiwiri mu 1983. Koma wachiwiriyo unali waukulu ndiponso wodula, ndipo a ku Uitenhage anaona kuti anthu wamba sangaukwanitse. Ndiye anasunga zida zopangira wakale uja, n'kuupaka utoto wofiira, wachikasu ndi wabuluu, n'kuutcha Citi Golf. Zimenezi zinali mu 1984. Anapitiriza kuupanga kwa zaka 25, mpaka mu 2009, ndipo anapanga zopitirira 377,000. Yakuda ya mnyamata uja ndi imodzi mwa 1,000 zotsanzikira, iliyonse ili ndi nambala yakeyake m'kati.

Tsopano tengani Beetle ya ku Mexico ya 2003 muiike pambali pa Golf ya ku Germany ya 1974. Wamkulu ndani? Pa chiphaso chobadwira Golf ndi wamkulu ndi zaka 29. Koma aliyense wodutsa apereka moni wa ulemu kwa Beetle. Nanga Citi ya 2009, yomwe inatuluka m'fakitale ili yatsopano koma nkhope yake ili ndi zaka 35? Mwana wobadwa ndi ndevu timamutcha khanda kapena madala? Kodi zaka za galimoto timawerenga kuyambira tsiku lomwe anaipanga, kapena tsiku lomwe anaiganiza?

Ndinayesa kufufuza pafoni, ndipo zinangowonjezera chisokonezo. Ku Britain, akadaulo a galimoto zakale amati vintage yeniyeni ndi yopangidwa pakati pa 1919 ndi 1930 basi. Ndiye kuti ya 1956 si vintage n'komwe. Nditamuuza mkulu uja zimenezi nkhope inagwa, ndipo amalume anandiponda phazi. Ku Germany galimoto ikakwanitsa zaka 30, ili yosamalidwa bwino ndiponso yosasinthidwa, imatha kupatsidwa nambala yothera ndi chilembo H, ndipo amaitcha Oldtimer. Yomwe ili panjira yopita kumeneko amaitcha Youngtimer. Ku Britain komweko ikafika zaka 40 imakhululukidwa msonkho wa pamsewu. Ndiye pa mawerengedwe a ku Germany, Citi yakuda ija idikire mpaka 2039. Kodi m'mawa wa tsikulo idzadzuka itasintha chiyani? Dzulo lake chiphakasa, lero chuma cha dziko?

Ndipo taonani kusiyana kwake. Ku Britain galimoto ikakalamba boma limaichotsera msonkho. Kwathu ukaitanitsa galimoto yakale kwambiri kuchokera ku Japan, msonkho wake ndi umene umakwera. Kwathu timati tsabola wakale sawawa, ndipo munthu amanyadira nambala yatsopano. Kuno ndaona tsabola wa 1956 akuwawa kuposa wa chaka chino, chifukwa mkulu uja anatiuza kuti anthu amamuimitsa pamsewu kumupempha kuti awagulitse, iye n'kumakana. Kodi kapena chinthu chakale chimayamba kukoma pokhapokha uli ndi china chatsopano choyendera Lolemba? Pajatu mkuluyo amabwera pa galaja pa galimoto ina, yoziziritsa m'kati, yosatsokomola.

Tsiku lachitatu ndinatsala pang'ono kuthamangitsidwa ntchito. Pamwamba pa chitseko cha dalaivala wa Beetle, pomwe windo limathera, penti inali itaperepeseka mpaka chitsulo kuoneka, malo aakulu ngati chikhatho. Ndinati ndiwachitire chifundo. Ndinatenga sandipepa ndi kachitini ka penti yobiriwira komwe ndinakapeza pashelefu. Ndisanakhudze n'komwe, amalume anakuwa ngati aona njoka.

"Iwe! Siya! Ukufuna tigulitse galaja?"

"Ndimati ndikonze pofufutikapa, amalume."

"Pamenepo m'pamene pali ndalama."

Mkulu uja atamva anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa munthu amene wapulumuka ngozi. Anati galimotoyo inali ya bambo ake, anaigula yatsopano, ndipo pamenepo m'pomwe ankatsamiritsa chigongono poyendetsa. Anaika chigongono chake pomwepo kuti ndione, ndipo chinakwana ndendende. Sindinayankhe. Koma mumtima funso linalipo: chigongono ndi cha bambo ake, chabwino, iyeyo akulira bambo ake. Nanga mlendo amene akufuna kuigula ndi ndalama zambiri chifukwa penti ndi yomwe inachokera nayo ku fakitale, akugula chigongono cha bambo a mwini?

Mnyamata wa Golf ndi wosiyana. Yake anaitsitsa mpaka mimba kutsala pang'ono kukhudza pansi, anaika marimu onyezimira, ndipo buti yonse ndi masipika. Amalume anamuuza kuti osonkhanitsa galimoto sakonda yosinthidwa, ndipo wadzichepetsera mtengo yekha. Iye anati asadandaule, marimu ndi masipuling'i omwe inabwera nawo anawasunga pansi pa bedi la mayi ake, tsiku likadzafika adzawabwezera. Anati bambo ake galimoto yawo yoyamba inali Citi yofiira, ndipo iye anaphunzira kuyendetsa atakhala pamiyendo pawo. Usiku amaimanga loko pa giya, ina pa chiwongolero, chifukwa akuba nawonso amaikonda kwambiri. Ndiye onse awiri, mzungu wa imvi ndi mnyamata wa ku Soweto, ukawafunsa za galimoto amayankha za bambo awo. Kodi pagalaja pano tikukonza injini kapena maliro?

Pali nkhani ina yomwe mkulu uja anaifotokoza motsitsa mawu. Volkswagen amatanthauza galimoto ya anthu. Amene analamula kuti ipangidwe ndi Adolf Hitler, ndipo ntchitoyo anaipereka kwa Ferdinand Porsche mu 1934. Inayenera kunyamula akulu awiri ndi ana atatu, kuthamanga makilomita 100 pa ola, ndi kugulidwa pa ndalama za kumeneko zokwana 990. Mwala wa maziko a fakitale unaikidwa mu 1938. Anthu anauzidwa kuti azisonkha 5 sabata iliyonse, n'kumamata masitampa m'kabuku, kabukuko kakadzaza adzalandira galimoto. Anthu oposa 300,000 anasonkha. Nkhondo itayamba mu 1939 fakitale inatembenukira ku galimoto za asilikali, ogwira ntchito ambiri ali akaidi ndi anthu ogwidwa mokakamiza, ndipo wosonkha ngakhale mmodzi sanalandire galimoto pa kabuku kake. Kwathu zoterezi timazidziwa, ndi banki m'khonde yomwe msungichuma wasowa ndi bokosi. Nkhondo itatha, msilikali wa ku Britain, Major Ivan Hirst, ndiye anadzutsa fakitale yophwasulidwa ndi mabombayo, ndipo pofika 1955 inali itapanga galimoto 1 miliyoni. Pofika 1968 inali m'kanema wa ana ku America, ikutchedwa Herbie, nambala 53 pachitseko, achinyamata olalikira mtendere akuijambula maluwa.

Ndinafunsa kuti chinthu chimasamba bwanji dzina chonchi. Munthu wobadwira m'nyumba yoteroyo kwathu amalozedwa chala mpaka zidzukulu. Iyi anthu amaiona n'kumwetulira, ana amaibayibitsa. Kodi ndi chifukwa cha maso ake a chule aja? Ikanakhala ya makona anayi ngati Golf, anthu akanaikhululukira msanga chonchi? Mkuluyo anati funso limenelo sanaliganizepo. Amalume anati ndikasese.

Ndikusesa choncho panadutsa Beetle ina pamsewu, yachikasu, yosalala, yatsopanoko. Ndinati amalume, nayo mdzukulu wake. Anati ayi, imeneyo ndi New Beetle, inayamba kugulitsidwa mu 1998, ndipo ukaivula malaya mkati mwake ndi Golf: injini kutsogolo, madzi, redieta, zonse. Anaika ngakhale kabotolo ka maluwa pafupi ndi chiwongolero kuti anthu akumbukire kale. Anasiya kupanga ma Beetle a injini ya kutsogolowa mu 2019. Tsono tamvani. Anapha kamba kuti apange bokosi, bokosi litayenda malonda analiveka chigoba cha kamba n'kuligulitsanso. Pamene a ku Uitenhage anangosunga bokosi lakale lomwelo, osaliveka kanthu, anthu n'kumagulabe kwa zaka 25. Wochenjera ndani pamenepa, wogulitsa kapena wogula?

Lachisanu zonse ziwiri zinatha, ndipo amalume anati tikaziyese. Tinayamba ndi Beetle. Injini inalira kumbuyo kwathu ngati makina osokera aakulu, phokoso likutitsatira m'malo motitsogolera. Mphamvu yake akuti ndi ya mahatchi 30. Giya yoyamba salowetsa galimoto ikuyenda, imakukuta mano, ndiye amalume ankaima kaye n'kuilowetsa mofatsa ngati akupempha. Malamba a pampando mulibe. Thanki ya petulo ili patsogolo pa mawondo ako. Pa chikweza minibasi yodzaza inatipitirira, koma kondakitala anatulutsa mutu n'kutiimbira likhweru, mayi wina wogulitsa chimanga chootcha anaimirira kutibayibitsa, ndipo pa maloboti bambo wina anatsitsa windo n'kufuula kuti agogo ake anali nayo ngati yomweyi. Ine, mwana wa ku Ntcheu wa ovololo yothimbirira, ndinapezeka ndikubayibitsa anthu ngati phungu.

Kenako Golf. Mahatchi ake ndi pafupifupi 100, magiya asanu, ndipo ndi yopepuka, moti amalume atangoponda pang'ono mutu wanga unagunda kumbuyo. Imakhota ngati kalulu wothamangitsidwa ndi agalu. Amalume anati mphamvu zoterezi pa kagalimoto kakang'ono zinatchuka ndi Golf GTI ya 1976, yomwe kampani inkaganiza kuti ipanga 5,000 zokha koma inapanga zoposa 400,000. Pamsewu akuluakulu sanatiyang'ane n'komwe. Anyamata okha a pamalo otsukira galimoto ndi amene anasiya ndowa zawo, mmodzi n'kuthamangira pawindo kufunsa kuti ndi nambala chani mwa 1,000 zija.

Pobwerera ndinafunsa funso lomwe ndinkaliona ngati losavuta. Pagalaja pathu tsiku lililonse pamabwera ma Polo, omwe analowa m'malo mwa Citi. Polo imathamanga kuposa Beetle, ndi yotetezeka pa ngozi kuposa zonse ziwirizi, simatsokomola, siifuna mphepo kapena pemphero. Bwanji palibe amene amaijambula mbali zinayi? Kodi anthu amakonda galimoto chifukwa cha zomwe imachita bwino, kapena chifukwa cha zomwe imawavutitsa nazo?

Amalume anati Polo idikire, ana omwe akukwera kumbuyo kwake lero akadzamera imvi adzaifunafuna.

"Ndiye kuti galimoto iliyonse idzakhala yolemekezeka?"

"Yomwe yapulumuka."

"Nanga inuyo amalume, atakupatsani imodzi mwa ziwirizi kuti mupite nayo kumudzi, mungatenge iti?"

Anati Golf angafike nayo ku Ntcheu msanga, koma ikadzafa kachipangizo kamagetsi kothira mafuta mu injini, adzaima mpaka wina abwere nako kuchokera ku Joni. Beetle angafike nayo mochedwa, koma injini yake imagwiridwa ndi mabawuti anayi okha, anthu awiri ndi jeke amaitsitsa pansi pa mtengo wa mango. Ndinati ndiye mwasankha iti? Anati asankha basi ya pa Park Station.

Madzulo mnyamata uja anabwera, anazungulira Golf yake akuyerekeza ndi zithunzi za pafoni, analipira, n'kunyamuka nyimbo zili m'mwamba, mimba ya galimoto ikukhula pa geti. Mkulu wa imvi anabwera ndi ngolo yake ija. Anailiza Beetle, anamvetsera atatseka maso, anagwedeza mutu kuti ili bwino kwambiri, kenako anaikweza pangolo, n'kuimanga malamba anayi, n'kuifunditsa nsalu.

Ndinadikira kuti atuluke pageti.

"Amalume, si mwati yachira?"

"Yachira."

"Nanga akuinyamuliranji?"

Amalume anandiloza pansi, pomwe Beetle inagona sabata yonse. Panali kadontho ka oilo kakuda, kakakulu ngati ndalama yachitsulo. Anati ndithirepo utuchi ndisanasese.